Malonje a Pachitsa

Ndisanayambe ndilumbire kaye, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupinda milomo. Pali manda a amalume anga, pali nthaka ndapondayi, mphezi indipeze ndili kubafa ngati m'nkhani ino muli bodza ngakhale limodzi. Liwu lililonse ndi loona. Tsono padangokhala, ndipo amene tili tonse anene kuti tili tonse. Amene sakufuna apite akatunge madzi.

Kalekale nyama zinali ndi makhoti awoawo, ndipo khoti lililonse linali ndi majisitileti wake. Pamwamba pa onse panali jaji wamkulu, Chipembere, munthu wa mtima wabwino koma wa maso osaona patali. Tsiku lina wina anamunong'oneza kuti majisitileti akakhalitsa pamalo amodzi amayamba kunenepa. Uyu wamupatsa maungu, uyo wamupatsa mwana wamkazi, mapeto ake dera lonse ndi alamu ake. Chipembere anapsa mtima, nalamula kuti mwezi ukangooneka majisitileti aliyense azinyamuka kukagwirizira khoti lina. Anati n'zongoyembekezera, zinthu zikakhala bwino aliyense adzabwerera kwawo. Uthenga wosamutsawo unali wapakamwa basi, ndipo ankauyendetsa ndi Namzeze, poti ndiye anali ndi liwiro.

Khoti la nkhani yathuyi linkatchedwa Pachitsa, chifukwa mpando wa majisitileti unali chitsa cha mbawa chokhala pansi pa kachisakasa. Mawu amene majisitileti wanena atakhala pachitsacho sankabwerera. Akati wamangidwa, wamangidwa. Akati masuka, wamasuka, ngakhale atanena akuyasamula. Komanso majisitileti sankaweruza ndi makutu a mnzake. Mlandu umene wina wausiya pakati, wobwerayo ankauyamba pachiyambi penipeni. Ndiye panali za malonje, zimene Chipembere sanaziganizire n'komwe. Majisitileti watsopano ndi mlendo, ndipo mlendo sagwira ntchito asanachite malonje. Amakhala pamphasa n'kufotokoza ulendo wake wonse, eni mudzi nawo n'kumubwezera za kwawo, za odwala, za maliro, za mbewu. Kudula malonje pakati kunali ngati kutukwana apongozi pamsika. Panalibe amene akanayerekeza.

M'dera limenelo munali Likongwe. Ndalumbira kuti sindinama, ndiye ndinene poyera: Likongwe anali wakuba. Anapiye, mazira, zonse ankazidziwa kukoma kwake, kungoti sanagwidwepo. Koma mkazi wake, Nangondo, anali mayi wofatsa wosatola ngakhale chikuni cha mwini. Tsiku lina mazira a Nkhanga anasowa pachisa onse, ndipo amene anaoneka akudutsa cha pomwepo atasenza nkhuni anali Nangondo. Anthu anati mkazi wa mbava amadziwa njira, namugwira. Majisitileti wa pamalopo, Nyani, anangomva dzina la wodandaula, mwezi unaoneka, Namzeze anamutera paphewa, Nyani uyo wapita.

Podikira mlandu, Nangondo anamutsekera mu una wa Nungu, amene anali mlonda wa akaidi komanso mkulu wa pakhoti. Unawo unali kuseri kwa khoti, chakumunsi. M'chilimwe unali wabwinobwino. Koma aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa umadzaza mpaka kukamwa, ndipo Nungu mwiniwake ankasamukamo chaka chilichonse. Kale zimenezi sizinkadetsa nkhawa, chifukwa milandu inkatha m'chilimwe momwemo. Chaka chimenecho mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Likongwe anapita kwa Nungu kukapempha kuti mkazi wake azikagona kunyumba, tsiku la mlandu adzabwera naye yekha. Nungu anati iye ndi munthu wa lamulo, mwala wotsekera una sausuntha popanda mawu a pachitsa.

"Ngakhale amupeze wolakwa, chilango chake n'kukalima m'munda mwa Nkhanga, ndiye kuti watuluka," anatero Nungu. "Chofunika n'chigamulo, aLikongwe. Pezani majisitileti akhale pachitsa anene kanthu."

Madzulo a tsikulo Nangondo anayamba kuimba mu una muja. Inali nyimbo yaifupi, yonga ya pamtondo. M'nyimbomo ankapempha mitambo kuti iyambe yadikira, kenaka n'kuitana mwamuna wake, n'kumuuza pamene chinyezi chafika. Tsiku limenelo anati changofika pamphuno, fungo chabe. Amayi opita kumadzi ankavomera polekezera pake, poti inali yokoma. Likongwe yekha ndiye sankaimva kukoma.

Amene anatumizidwa m'malo mwa Nyani anali Nadzikambe. Inu mukudziwa mayendedwe a Nadzikambe: mwendo kutsogolo, kuganiza, mwendo kubwerera, kuganizanso. Mwezi unafika pakati iye asanaoneke. Likongwe anaona kuti apa zivuta, nathamanga kukamuchingamira, ndipo anamupeza akusinkhasinkha zowoloka kanjira ka nyerere. Anagwada, naomba m'manja, nati anthu a Pachitsa amutuma kuti bwana asadzivute, akwere pamsana. Nadzikambe anayang'ana diso lina kumwamba lina kumchira, navomera.

Likongwe analiyatsa liwiro, moti dzuwa lisanapendeke anali atafika. Anatulutsa mphasa ya kunyumba kwake, poti ya khoti inadyedwa ndi chiswe kalekale ndipo ankangobwereka ya Nangondo. Anthu anasonkhana, Nungu nafunsa malonje. Nadzikambe anakhala duu, thupi likusintha mitundu yonse nthawi imodzi chifukwa cha chizungulire. Atatsitsimuka anati:

"Malonje ndiwachita bwanji? Njira sindinaione. Ndimangoona ubweya wa munthuyu."

Likongwe anati iye njira waiona, akhoza kuwafotokozera bwana, iwo n'kungobwereza. Nadzikambe anati malonje obwereka ndi bodza, ndipo majisitileti sayamba ntchito ndi bodza. Anatsika pamphasa nabwerera wapansi mpaka pamene anamutola paja, kuti njira aione ndi maso ake. Akuluakulu anagwedeza mitu nati bwana ameneyu ndi wodziwa mwambo.

Atabweranso, malonje ake anali a nthambi ndi nthambi, ntchentche iliyonse imene anadya ndi iliyonse imene inamuthawa. Eni mudzi anabweza awo. Pomaliza anakwera pachitsa naitanitsa mlandu wa mazira. Nkhanga anaimirira, natchula dzina lake ndi la amake. Akuti atchule la agogo ake, Namzeze anatera pa kachisakasa. Mwezi unali utaoneka dzulo lake.

Likongwe anadzigwetsa pansi kupempha liwu limodzi lokha, lililonse. Nadzikambe anayamba watsika kaye pachitsa, miyendo yonse inayi, kenaka anamuuza kuti mlandu suola. Likongwe anati chamumtima, mlandu suola inde, koma mkazi amaola.

M'masiku omwewo kunagwa chizimalupsa. Nyimbo ija inamvekanso kuseri kwa khoti, mitambo idikire, mwamuna wanga uli kuti, koma polekezera panasintha. Tsopano inati pansi pasanduka matope, chinyezi chafika m'mapazi.

Wotsatira anali Mbira wa kumapiri. Ameneyu anafika msanga poti ankangotsetsereka, ndipo malonje ake anali aafupi chifukwa ankafuna kukaothera dzuwa. Vuto lake linali lomwe lija linamusowetsa mchira, kutuma. Madzi akumwa kutuma, kukanda pamsana kutuma. Pachitsa ankakhalapo dzuwa likabisala basi. Komabe mlandu unayenda. Nkhanga anafotokoza mmene ankawakondera mazira ake, natchula maina amene akanapatsa anapiye, mmodzimmodzi, akulira. Za mmene anachipezera chisa tsiku lija palibe anamufunsa. Mbira anati wamva zokwanira, chigamulo mawa masana. Madzulo omwewo mwezi unaoneka, kachikhadabo chabe, koma unaoneka.

Likongwe anagwira mutu. Kenaka anakumbukira chinthu chimodzi: Namzeze nayenso ndi mlendo.

M'mamawa anali kale pamphambano, mphasa atayala, chipanda cha thobwa pambali. Namzeze atatulukira, Likongwe anamukodola. Namzeze anati ali paulendo wa boma, achedwa.

"Mwadutsa pakhomo panga kangapo konse osapereka moni," anatero Likongwe. "Anthu ayamba kunena kuti ntchito yakulowani m'mutu. Ine ndimawatsutsa, koma ndatsala ndekha."

Namzeze anachita manyazi natera. Malonje ake anali a mpweya umodzi: wachokera kwa jaji wamkulu, kumeneko n'kwabwino, njira yonse wauluka. Atatha, Likongwe anakhosomola, nakonza makhalidwe, nayamba kubweza.

Anayamba ndi chifuwa cha azakhali ake, mmene chinayambira, mankhwala amene anamwa, ndi amene anakana kumwa. Anapita pa mano a mwana wa Gologolo. Anafotokoza mkangano wa Mbewa ndi mpongozi wake, mbali zonse ziwiri, ndi mbali yachitatu ya anthu ongomva. Amoyo atatha anayamba akufa. Namzeze ankangosinthasintha miyendo, mapiko akuyabwa, koma kudula sakanatha. Dzuwa linafika paliwombo, ndipo Likongwe anati mumtima mwake, pano Mbira ali pachitsa, angonena liwu limodzi, zatha.

Mbira analidi pachitsa, poti kamtambo kanali kataphimba dzuwa. Koma atayang'ana anthu anafunsa kuti mwamuna wa woimbidwa mlandu ali kuti, chifukwa chigamulo cha mkazi wapabanja sichinenedwa mwamuna wake palibe. Ndiye anachita zimene amadziwa, anatuma Nungu kukamuitana.

Nungu anafika pamphambano napeza malonje ali mkati. Anaima chapatali, minga ikunjenjemera, akuloza kukhoti ndi mphuno. Likongwe atamuona anazindikira zonse. Akapitiriza kulankhula, Mbira azingodikira. Akasiya, Namzeze auluka. Anapitiriza ndithu, mawu akusasa, mutu ukufunafuna njira yachitatu, koma njira yachitatu panalibe. Pomaliza anati kuno n'kumeneko, nalumpha asanamalize n'kuomba m'manja komwe. Anathamanga ngati mchira wayaka moto. Koma ndani anapambanapo Namzeze? Anapeza Mbira atatsika kale pachitsa, akutuma wina kuti akamumangire katundu.

Kumtunda mvula inayamba kugwa yeniyeni, ndipo madzi anayamba kutulukira pansi mu una muja. Nyimbo inati afika m'chiuno. Amayi opita kumadzi ankavomerabe, koma motsitsa, akuyang'ana kumbali. Nungu, amene lamulo linkamuuza kugona pakhomo pa mkaidi, anagwidwa chimfine, mawu n'kutsekeka.

Likongwe anapita kwa Nkhanga kukapempha kuti angouchotsa mlanduwo. Nkhanga anati mkwiyo wake unatha kale, iyenso nyimbo ija imamusowetsa mtendere, koma kuchotsa mlandu n'kwa pachitsanso.

"Chimene chimandipweteka, aLikongwe, n'chakuti sanandisiyire ngakhale khoko limodzi loti ndikwirire. Chisa chinali mbee ngati chosesa."

Likongwe anamudziwa wakubayo pomwepo. Ntchito ya mazira ankaidziwa bwino. Likongwe aliyense, mwamuna kaya mkazi, dzira amaliswera pamwala, makoko n'kusiya mbwee. Womeza dzira lathunthu ndi Ng'azi. Koma mbava ikaimirira m'khoti n'kuyamba kuphunzitsa anthu kadyedwe ka mazira pofuna kupulumutsa mkazi wake, angaimvere ndani? Zimenezi zinkafunika zituluke pakamwa pa mbava ina, yovala mkanjo.

Ndiye kunamveka nkhani ziwiri, yoipa ndi ina yosadziwika bwino. Yoipa inali yakuti Chipembere, poona kuti milandu yaunjikana m'makhoti onse, anati vuto n'lakuti mamajisitileti akukhalitsabe pamalo, akuyamba ulesi. Tsono analamula kuti asamadikirenso mwezi, Namzeze azingowatsatira kumbuyo. Inayo inali yakuti wobwera ku Pachitsa ndi Khwangwala. Likongwe ankamudziwa Khwangwala. Zaka za m'mbuyomo anakumanapo pachisa cha Nkhwali, wina akufika wina akuchoka, napatsana moni osafunsana zambiri.

Anapita kwa Nungu nati, popeza mawu awatsekeka, malonje a mawa abweze ndi iyeyo m'malo mwawo. Nungu anaganiza, napeza kuti palibe lamulo loletsa, nagwedeza mutu. Likongwe atafika kunyumba anatenga mphasa ya Nangondo naiponya pabwalo, pamvula, naisiya pompo.

Kutacha kunali kukuwaza. Khwangwala anafika atavala mkanjo wakuda ndi kolala yoyera mbuu, akuyenda monyang'wa, akudumpha timadzi. Anamuyang'ana Likongwe ngati akumukumbukira, kenaka anasankha kusamukumbukira. Likongwe anayala mphasa ija pamatope. Inali yolemera ndi madzi, moti poiyala inalira ngati ng'ombe yaponda m'dambo. Anapepesa kwambiri, nati ndi yokhayo ilipo.

Khwangwala anati palibe kanthu, akhala panthambi. Likongwe anati zili bwino, kungoti akuluakulu a kuno ndi ovuta, adzanena kuti bwana watsopano amalankhula ndi anthu ali pamwamba ngati akuwalavulira. Komanso masamba a mtengowo akamadontha amathimbiriritsa zoyera. Pouma ndi pansi pa kachisakasa pokha.

"Pachitsa sipakhalidwa malonje asanathe," anatero Khwangwala.

"Zoona, bwana. Ndiye khalani pamphasa pomwepa. Kolala imachapika."

Khwangwala anayang'ana mphasa, nayang'ana kolala yake, nayang'ananso mphasa. Kenaka anadumphira pachitsa, nati akungobisala mvula, wina asaganize zina. Nungu anatsegula pakamwa, nayetsemula, natsekanso.

Malonje a Khwangwala sanali a ulendo wokha. Anatchula makhoti onse amene anagwirako, milandu imene inakanika anzake iye n'kuimasula, ndi anthu amene analira iye akuchoka. Mvula inasiya kuwaza n'kuyamba kugwa. Kuseri kwa khoti nyimbo ija inayambanso, koma mawu ake anali opyapyala, ngati a munthu woimba atakweza chibwano. Sinapemphenso mitambo, poti mitambo inali itakana kale. Inangoitana mwamuna, n'kunena kuti afika m'khosi. Panalibe mayi amene anavomera. Likongwe anakhala pamatope akuomba m'manja pamene pafunika kuomba, akuseka pamene bwana waseka, zikhadabo zikukumba pansi.

Khwangwala atatha, Likongwe anayamba kubweza. Anati kuno ali bwino, koma pang'ono. Zifuwa zilipo, mbewu zamera, maliro sanachitike, pakadali pano. Zonsezo anazidutsa mothamanga ngati woponda phulusa lamoto. Kenaka anati chimene chasautsa mudzi ndi chisoni cha mayi Nkhanga, ndipo popeza pamalonje mwini chisoni amanena yekha, anene.

Nkhanga sankadziwa kuti akupereka umboni, ndiye sanayambe ndi maina a agogo. Analankhula ngati akuuza mlendo. Anati anapita kukafuna chakudya, pobwera anapeza chisa chili mbee, anthu n'kugwira Nangondo chifukwa anadutsa pafupi ndi nkhuni.

Khwangwala anapendeketsa mutu. "Makoko panalibe?"

"Ngakhale limodzi, bwana."

"Nanga pansi?"

Nkhanga anati pansi panali mzere wautali, ngati wina amakoka ndodo.

Khwangwala anaseka mpaka kolala inagwedezeka. M'khoti sakanayerekeza kuonetsa kuti amadziwa zoterezi, koma awa anali malonje, ndipo anthu anali tcheru. Anati dzira lili ndi kadyedwe kosiyanasiyana. Akhwangwala amaboola kabowo pamwamba n'kumwa, makamaka likakhala la tsiku lomwelo, lofunda. Apa anakhosomola nati izi amangomva kwa ena. Alikongwe amaswera pamwala, n'kusiya nyansi ponseponse. Koma womeza lathunthu, n'kusiya mzere wa mchira, ndi Ng'azi. Anthu anati aaa motsitsa, Nkhanga nagwira pakamwa. Khwangwala anakhutira, nakonza nthenga zake, nafunsa kuti nanga mapira chaka chino akuoneka bwanji.

Koma mawu omasula Nangondo anali asananenedwe. Kudziwa kadyedwe ka Ng'azi si chigamulo, ndipo Nungu anali chikhalire, akupukuta mphuno. Likongwe anakweza maso, naona kadontho kakuda kakubwera chapansipansi m'mvula. Namzeze.

Anaimirira, nalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Zikomo bwana, mwatisangalatsa. Koma ife kuno tonse tikudziwa kuti anadya ndi Nangondo. Ine mwamuna wake ndikuvomera. Bwana Mbira, munthu wophunzira kwambiri uja, nawonso ankaona chimodzimodzi."

Kuseri kwa khoti nyimbo inaduka pakati pa liwu.

Likongwe anaimva ikuduka. Sanadziwe ngati ndi madzi atseka pakamwa paja kapena ndi mawu ake. Koma sanacheuke. Anangoyang'ana Khwangwala, amene nthenga za m'khosi zinali zitaimirira.

"Mbira? Wodya udzu uja? Dzira analiona liti? Mverani ine, mayi ameneyo alibe mlandu."

Nungu anadzuka. Mawu ake otsekeka aja anatuluka ngati chitseko chadzimbiri.

"Bwana, nkhaniyi mwaimva ndi makutu anu?"

"Ndili ndi ena?"

"Nanga mwakhala pati?"

Khwangwala anayang'ana pansi pa mapazi ake. Pamene ankadzutsa mutu, Nungu ndi Likongwe anali atazungulira kale kuseri. Khwangwala anayamba kukalipa kuti amenewa anali malonje chabe, iye amangocheza. Akuluakulu anati chibadwire chawo sanamvepo kuti chitsa chimasiyanitsa kucheza ndi kuweruza. Wina kumbuyo anafunsa mwaulemu kuti bwana anadziwa bwanji kuti lofunda ndiye lokoma. Nthawi yomweyo Namzeze anatera pa kachisakasa, ali chinyowere, nanena kuti bwana akufunika kukhoti lina. Sanaonekepo majisitileti wolandira kusamutsidwa mokondwa ngati Khwangwala tsiku limenelo.

Kuseri kuja awiriwo anakankha mwala. Una unali utadzaza mpaka kukamwa, madzi ofiira, ali zii. Likongwe anaitana, osayankhidwa. Analowa chamutu, napapasa mumdima, nagwira mchira, nakoka. Nangondo anali atakanikiza mphuno kudenga la una, pamene panatsala kampata ka mpweya kosakwana chikhatho. Anatuluka ali matope okhaokha, nalavula madzi, nakhosomola, naimirira yekha osagwira dzanja limene mwamuna wake anatambasula. Sanali madzi amene anadula nyimbo ija. Mu una mumamveka zonse za pakhoti.

Likongwe anayamba kufotokoza kuti zija ananena zija inali nzeru chabe, koma Nangondo anamudutsa ngati chulu. Anayenda mpaka pabwalo la khoti, naima, nayang'ana pamatope.

"Mphasa yanga ndani waisiya pamvula?"

Likongwe, amene analankhula ndi Namzeze kuyambira m'mawa mpaka masana osapuma, anangowerama n'kuitola.

Mlandu wa Nkhanga ndi Ng'azi unatsegulidwa chaka chomwecho, ndipo ukudikirabe majisitileti woti aumve mpaka kumapeto. Mukamva Nkhanga akulongolola kuthengo madzulo, ndiye kuti kwabwera watsopano, akutchulanso maina a agogo ake. Amene anaika mbatata pamoto akaione, yanga yapsera pomwepa.

Zonsezi n'zoona monga ndinalumbirira. Kupatula mawu a Nangondo omaliza aja. Zimene ananena zenizeni sizineneka, za mphasazo ndangoikapo ine kuti ana amvere nawo.